Nsagwada yochita kupanga simakula, nchifukwa chake madokotala amadikira

Ikani chala patsogolo pa khutu ndipo mutsekule pakamwa: chimene chikuyenda pansi pa chalacho ndi mutu wa fupa la nsagwada, pamene limalumikizana ndi chigaza. Mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 3,500 mpaka 5,600 amabadwa ndi vuto lotchedwa hemifacial microsomia, limene limachititsa kuti fupali likhale lalifupi kapena lisakhalepo mbali imodzi. Chibwano chimapendekera mbali imeneyo, mano sakumana bwino, ndipo nthawi zambiri khutu la kumeneko limakhala laling'ono. Vutoli limayamba m'milungu yoyambirira ya pathupi, ndipo si mlandu wa mayi, ngakhale kuti kumudzi sikusowa oloza chala.

Makolo amene atumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ndi mwana wotere amafuna kuti akonzedwe msanga, asanayambe kusekedwa kusukulu. Koma polumikizira pochita kupanga pamene madokotala amaika pokonza nsagwadayo, pomwe pamakhala mbali ya chitsulo cha titanium ndi cobalt-chromium yomangidwa ku nsagwada ndi kambale ka pulasitiki wolimba komangidwa ku chigaza, sipakula. Mukapaika mwa mwana wa zaka 8, mbali yabwino ipitiriza kutalika ndipo nkhope ipendekeranso. Choncho madokotala amadikira mpaka mafupa a nkhope atasiya kukula, cha m'ma zaka 16 kwa atsikana ndi 18 kapena kupitirira kwa anyamata.

Mwana akamavutika kupuma kapena kudya, samudikiritsa. Amatha kumuika kachidutswa ka nthiti yake yomwe, kamene kamakula naye ngakhale kuti nthawi zina kamapitirira muyeso, kapena kutalikitsa fupalo milimita imodzi patsiku, njira imene dokotala wa ku America, Joseph McCarthy, anaifalitsa mu 1992.

Mwanayo akakula, amajambulidwa ndi makina oonetsa mkati mwa thupi otchedwa CT scan kuti chitsulocho chipangidwe molingana ndi fupa lake. Dokotala amacheka patsogolo pa khutu ndi kunsi kwa nsagwada, ndipo apa mpofunika dzanja lodekha chifukwa mtsempha woyendetsa chikope ndi mlomo umadutsa pomwepo. Ukakokeka, nkhope imafooka mbali imodzi, kawirikawiri kwa miyezi yochepa. Pambuyo pake pamabwera phala ndi zakudya zofewa, komanso kuphunzitsa pakamwa kutsekuka tsiku ndi tsiku. Nsagwadayo siyenda cham'mbali ngati yachibadwa, ndipo nzimbe ndi chimanga chokazinga ine ndimalangiza kuzisiya. Opaleshoniyi siikonza khutu kapena kudzaza tsaya lolowa. Zimenezo zimafuna maopaleshoni akeake.