Autism ndi khansa ya m'mawere: zimene kafukufuku wapezadi

Ofufuza akanena kuti chinthu "chimawonjezera chiopsezo", sakutanthauza kuti ndicho chimayambitsa vuto. Akungonena kuti mukasonkhanitsa anthu ambiri amene anakumana nacho, vutolo limapezeka pakati pawo kawirikawiri kuposa pakati pa anzawo. Gwero lenileni likhoza kukhala lina, lobisika, longoyendera limodzi ndi chinthucho. Nkhani za autism ndiponso za zakudya zoteteza khansa ya m'mawere zimasokonekera pomwepa.

Autism ndi kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo, ndipo imaonekera pa kalankhulidwe ka mwana, kachezedwe kake ndi anthu, ndi chizolowezi chobwereza zinthu zomwezomwezo. Mbali yaikulu ndi yakumtundu. Kafukufuku wa 2019 wa ana pafupifupi 2 miliyoni m'mayiko asanu anapeza kuti zotengera kwa makolo zimatenga pafupifupi 80 peresenti ya chiopsezo. M'mabanja amene muli kale mwana wa autism, mwa ang'ono ake asanu aliwonse mmodzi amapezekanso nayo. Kubereka makolo atakula, kubadwa masiku asanakwane, ndi matenda a shuga a mayi woyembekezera zimawonjezera chiopsezo, koma pang'ono chabe.

Chimene chili ndi umboni wolimba ndi valproate, mankhwala a khunyu. Ku Denmark, mu 2013, anapeza kuti mwa ana 100 amene amayi awo ankamwa mankhwalawa ali ndi pakati, oposa anayi anali ndi autism, pomwe mwa ana onse chiwerengero sichinkafika awiri. Mayi amene ali pa valproate asangosiya yekha, chifukwa kugwa khunyu ali woyembekezera kungaphe iye ndi mwana yemwe. Aonane ndi dokotala asanatenge pakati kuti akambirane zosintha mankhwala pang'onopang'ono.

Nanga paracetamol, amene ali mu panado? Kafukufuku wina ankaonetsa ngati pali kugwirizana pang'ono. Mu 2024 ofufuza a ku Sweden anatsata ana oposa 2.4 miliyoni, kenako anayerekezera ana a mimba imodzi: wina mayi ake anamwa mankhwalawo ali ndi pakati pake, wina ayi. Kugwirizana kuja kunazimiririka. Ndiye kuti chimene chinkaoneka poyamba chinkachokera ku zakumtundu ndi thanzi la mayiyo, osati ku piritsi. Njira yoyerekezera ana a m'banja limodzi imeneyi ndi yofunika kuifunsa nthawi zonse mukamva za chiopsezo chatsopano.

Za katemera n'zatha kale. Lipoti la 1998 la dokotala Andrew Wakefield, limene linachititsa anthu kuganiza kuti katemera amayambitsa autism, linali la ana 12 okha. Magazini ya The Lancet inalichotsa mu 2010, ndipo iye analandidwa chilolezo chaudokotala ku Britain. Kafukufuku wa ku Denmark wa 2019, wa ana oposa 650,000, sanapeze kugwirizana kulikonse pakati pa katemera wa MMR (woteteza chikuku ndi matenda ena awiri) ndi autism. Zizindikiro zimangoyamba kuonekera pa msinkhu umene mwana amalandiranso katemerayo.

Chimene mayi angachite ndi kumwa vitamini wa folic acid, mamaikirogalamu 400 tsiku lililonse, kuyambira mwezi umodzi asanatenge pakati mpaka masabata 12 oyamba. Kuti amateteza kupunduka kwa msana ndi ubongo n'zotsimikizika. Ku Norway anapezanso autism yocheperako mwa ana a amayi amene anamwa, ngakhale uwu unali kafukufuku wongotsata anthu, osati wowagawa m'magulu.

Pa nkhani ya khansa ya m'mawere, kufufuza zakudya n'kovutirapo. Munthu amafunsidwa zimene anadya miyezi yapita, ndipo ndani amakumbukira bwino? Komanso wokonda ndiwo zamasamba nthawi zambiri ndi yemweyo amene sasuta, amachita masewera olimbitsa thupi, amapita kukapimitsa. Kulekanitsa zimenezi si masewera.

Ngakhale zili choncho, umboni wa mowa ndi wolimba. Magalamu 10 aliwonse a mowa weniweni patsiku, omwe ndi ofanana ndi mamililita 250 a mowa wa 5 peresenti, amakweza chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi pafupifupi 7 peresenti. Kunena momveka: m'mayiko olemera, mwa amayi 100 osamwa, pafupifupi 9 amadwala khansayi asanafike zaka 80, mwa omwa miyezo isanu ndi umodzi yotere patsiku, amafika 13. Mowa umakweza mahomoni a estrogen, ndipo thupi likamauphwanya limatulutsa acetaldehyde, mankhwala amene amawononga DNA, malangizo a kakulidwe ka maselo a thupi. Vinyo, mowa wa m'botolo kapena wowawa, zonse n'chimodzimodzi.

Chachiwiri ndi kunenepa mayi atasiya kusamba. Pa nthawiyo estrogen wambiri amapangidwa m'mafuta a m'thupi, ndiye mafuta akachuluka, khansa yodalira homoniyi imapeza chakudya. Kuyamwitsa kumatsitsa chiopsezo ndi pafupifupi 4 peresenti pa miyezi 12 iliyonse.

Ku United States, kafukufuku wa Women's Health Initiative anagawa mwamaere amayi 48,835 osiya kusamba. Gulu lina linauzidwa kuchepetsa mafuta n'kuwonjezera masamba, zipatso ndi mbewu. Zotsatira za 2006 zinakhumudwitsa: odwala anachepa pang'ono kwambiri moti sizinali zodalirika, mwa zina chifukwa ambiri sanafike pa mlingo wa mafuta umene anapatsidwa. Patatha zaka pafupifupi 20, imfa za khansayi zinapezeka zocheperako ndi 21 peresenti m'gulu limenelo. Kafukufuku wa PREDIMED wa ku Spain anatchuka poonetsa ngati mafuta a olivi amateteza, koma mwa amayi oposa 4,000 odwala khansayi anali 35 okha, ochepa kwambiri kuti munthu amangepo lamulo. Soya, amene ena amamuopa, sanapezeke akuvulaza, ngakhale mwa amayi oposa 5,000 a ku Shanghai amene anali atadwalapo kale.

Palibe chakudya chimene chimasungunula chotupa. Chotupa cholimba m'bere kapena m'khwapa, nsonga ya bere yolowa mkati, magazi otuluka kunsonga, kapena khungu lokhala ngati khoko la lalanje, zonsezi n'zopita nazo kuchipatala ngakhale sizikupweteka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limafuna kuti kupima, kujambula ndi kuyeza kanyama kotengedwa pachotupacho zithe pasanadutse masiku 60 kuchokera pamene mayi wafika koyamba.