Halberd yokongoletsera pakhoma siyotemera zinthu

Mwezi watha kunabwera bambo ena kushopu kwathu, dzanja ili mpini wautali wa chida chankhondo chokongoletsera pakhoma, dzanja linali mutu wake woduka pakhosi, akuti ndiwawotcherere. Anagula ku Toledo ku Spain komwe masitolo a malupanga ndi mikondo yokongoletsera ali mbwee, ndiye mnyamata wawo anafuna kuona ngati ingadule nthochi ya kuseri kwa nyumba, kumenya kamodzi kokha basi chidacho chathyoka. Nditayang'ana pothyokapo panali potuwa, timibulu ngati mchenga, maginito osagwira olo pang'ono, ndinawauza kuti bambo ichi sichinasulidwe, ndi zinki wothira m'chikombole, ndikangoyandikitsa moto apa chisungunuka chifukwa zinki amasungunuka pa madigiri 420 pomwe chitsulo chimafuna kupitirira 1,400.

Chida chimenechi dzina lake ndi halberd, kuchokera ku mawu awiri achijeremani, lina la mpini lina la nkhwangwa. Ndi mtengo wa mamita awiri kapena kucheperapo pang'ono, kumutu kuli zinthu zitatu pa chitsulo chimodzi, nkhwangwa kutsogolo, mkondo pamwamba, kumbuyo kangowe ngati kothyolera mango kaja. Palibe chomwe anaikapo kuti chingokongola ayi. Msilikali woyenda pansi akakumana ndi wa pa hatchi wovala zitsulo thupi lonse, mkondowo amaimitsira hatchi, ngoweyo amamukola nayo nkumugwetsa pansi, ndiye nkhwangwa ya mpini wautali choncho ikatsika imabwera ndi mphamvu yoti chisoti chachitsulo chimang'ambika.

Amene anaitchukitsa ndi anthu a kumapiri a Switzerland, ambiri mwa iwo alimi ndi oweta ng'ombe. Ku Morgarten mu 1315 anabisalira asilikali a banja la Habsburg lomwe linkalamulira Austria, pa njira yopanikizika pakati pa phiri ndi nyanja, mahatchi anasowa potembenukira. Ku Sempach mu 1386 anawagonjetsanso, mtsogoleri wa a Habsburg mwini wake, Leopold III, anafera pomwepo. Koma mu 1422 ku Arbedo zinawavuta a Swiss, asilikali a Milan ya ku Italy anatsika pa mahatchi nkumenya ndi mikondo yaitali, halberd inapezeka kuti ndiyaifupi, kuchokera apo a Swiss anachulutsa mikondo ya mamita asanu kutsogolo, a halberd nkumakhala mkati kudikira kuti mizere isokonekere. Mfuti zitachuluka halberd inasanduka ya ulemu, mpaka lero alonda a Papa ku Vatican, gulu lomwe linayamba mu 1506 nthawi ya Papa Julius II, amaima nayo pa geti.

Ine chomwe ndimayang'ana kaye ndikaona halberd si nkhwangwayo, ndi pakhosi pomwe mutu wakumana ndi mtengo. Yeniyeni ili ndi timalamba tachitsulo totsika m'mbali mwa mpini, tokhomedwa ndi misomali, kuti mdani asadule mtengowo komanso mutu usazuke akakola munthu nkukoka. Osula akalewo anaganiza bwino zedi pamenepa, mphamvu ya kumenya imagawikana kutsika mtengo wonse osati kuunjikana malo amodzi. Pa zokongoletsera zambiri timalambato kulibe kapena angotijambula, mutu wagwira ndi kasikuluu kamodzi kapena guluu, ndiye munthu ukaizunguza mwamphamvu mutu utha kuuluka nkukapeza mwana amene waima potero, ndipo zinki wa kilo imodzi pamutu pa mwana si nkhani yamasewera.

Sindikuti zokongoletsera nzoipa, zina anazipanga mosamala kutengera za ku miyuziyamu ndipo pakhoma zimaoneka bwino kwambiri. Kungoti mukamagula funsani ngati nchosula kapena nchothira, igwedezeni pang'ono mumve ngati mutu ukuwayawaya. Ngati nchachitsulo chenicheni muzipaka kamafuta ka mashini osokera miyezi ingapo iliyonse, zala zathu zimasiya thukuta ndipo dzimbiri limayambira pomwepo, makamaka nthawi ya dzinja.

Ya bambo aja sindinawotcherere. Ndinaboola mbali zonse ziwiri, ndinalowetsa kachitsulo mkati nkumata ndi guluu wa epoxy, kenako ndinawapangira zokolekera ziwiri zokhoma ndi mabauti, ndinawapempha kuti aikhomere m'mwamba poti ana sangafikire, mutu wake utatsamira pa chokolekeracho osati kulendewera pa mpini.