Mukugula galimoto kwa munthu? Mafunso a white book ndi nkhongole yobisika

Nthawi ino anthu akagulitsa soya ndi nshawa, ndalama za fodya nazo zalowa, mafoni sapuma, "abwana pali ka Vitz ku Kapata, mwini wake ali pa changu, mukachedwa kapita." Changu chimenecho ndiye chimadyetsa anthu ndalama. Mafunso awa ndi amene abale ndi anzanga amandifunsa chaka ndi chaka, ena asanagule, ambiri zinthu zitavuta kale.

Wandipatsa makiyi ndi white book, nanga si basi ndi yanga?

Ayi, simunamalize. White book ndi pepala la umwini wa galimoto lochokera kwa a RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto limene linabwera ndi lamulo la Road Traffic Act la 2002, ndipo kwa iwo mwini galimoto ndi amene dzina lake lili mu kompyuta yawo. Ndiye tengani reji ya wogulitsayo muyike pambali pa white book, maina afanane. Muno mu Chipata muli magalimoto ambiri amene adutsa m'manja atatu anayi koma buku likadali pa dzina la munthu woyamba wa ku Lusaka olo ku Kitwe amene palibe akumudziwa nkhope, aliyense amangopatsira mnzake kalata yogulitsirana nkumati bola ikuyenda. Tsiku limene mudzafune kusintha dzina mudzayamba kusakasaka munthuyo ngati mbuzi yotayika. Ngati wogulitsa si amene ali pa buku, muuzeni ayambe wasintha kukhala pa dzina lake kapena akubweretsereni mwini dzinalo.

Komanso musaiwale kutsegula boneti, nambala ya chassis ndi ya injini zifanane ndi za pa pepala, chilembo ndi chilembo. Pamene paoneka kuti apalapo olo awotcherera, bwererani kunyumba.

Pa buku palembedwa absolute owner, dzina la banki. Zikutanthauza chani?

Zikutanthauza kuti amene akukugulitsaniyo amangoyendetsa, mphamvu yeniyeni ili kwa banki kapena kampani imene inamukongoza. Zimachitika kwambiri ndi ma Canter, ma minibasi ndi magalimoto amene anthu anatenga pa loni ya kuntchito. A RTSA sangachotse dzina limenelo popanda kalata yochokera kwa eni dzinalo yonena kuti nkhongole inatha. Wogulitsa akati "aah ndinamaliza kale kulipira, sindinapite chabe kukasintha," mwina akunena zoona ndithu, ambiri ndi ulesi chabe. Koma ngati anamalizadi kalatayo sivuta kutenga, ndiye akatenge.

Nanga ngati pa white book palibe banki, ndiye kuti palibe nkhongole?

Apa ndi pamene anthu amagwa kwambiri. Munthu akhoza kugula galimoto ndi kashi, buku loyera bwinobwino, patapita zaka ziwiri nkukaiyika chikole kwa okongoza ndalama. Mu 2016 kunabwera lamulo la Movable Property Security Interest Act, ndipo kaundula wa katundu woyikidwa chikole amasungidwa ndi a PACRA, omwe aja olembetsa makampani. Wokongoza akalembetsa chikole chake kumeneko, nkhongole imamatirira pa galimoto, simamatirira pa munthu yekha ayi, mukagula mwagula ndi nkhongole yomwe. Kaundulayo amafufuzidwa pa intaneti, pamakhala kandalama kolipira, mumasaka ndi nambala ya chassis komanso ndi reji ya wogulitsa, chitani zonse ziwiri ndipo zimene zatuluka muzisunge, tsiku lioneke.

Manje pali a kaloba. Ambiri a iwo salembetsa kulikonse, amangotenga white book nkuyika mu drowa mpaka ndalama yawo ibwere. Mlamu wanga anagula ka Corolla kwa munthu wina amene anamuonetsa buku la duplicate, akuti loyamba linanyowa ndi mvula, pomwe loyambalo linali kwa wakaloba. Mwezi usanathe anyamata atatu anabwera pakhomo m'mawa ndi buku lenilenilo m'manja. Nkhani inazungulira ku polisi mpaka mlamu anatopa nkulipira yekha nkhongole ya eni ake kuti apeze mtendere. Ndiye mukaona duplicate funsani mafunso ambiri, ndipo funsaninso anthu a m'komboni imene wogulitsa amakhala, a pa rank ya ma taxi amadziwa galimoto iliyonse imene ili pa chikole kuposa kompyuta.

Nkhongole ilipo koma galimoto ndaikonda, ndingagulebe?

Mungagule, bola ndalama ya nkhongoleyo isadutse m'thumba mwa wogulitsa. Tinene kuti mwagwirizana K95,000 ndipo ku banki kwatsala K30,000. Mupite nonse awiri ku banki, iyeyo apemphe kalata yonena ndalama yeniyeni yotsekera loni pa tsiku limenelo, chifukwa chiwongola dzanja chimakwera ndipo nambala imene ali nayo m'mutu nthawi zambiri ndi yakale. K30,000 ija mulipire inuyo mwachindunji mu akaunti ya loni, risiti ikhale ndi inu. Kenako mudikire kalata yomasula galimoto, aichotse mu kaundula wa PACRA, dzina lawo lichoke ku RTSA. Yotsalayo ndiye ya wogulitsa.

Akakana zopita limodzi ku banki, akuti "ndipatseni chabe ndikalipira ndekha mawa, simundikhulupirira?" musachite manyazi olo akhale mkulu wa mpingo. Mawa lake mudzamva kuti ndalama inapita ku feteleza ndi ma fizi a ana, nkhongole ili pomwepo.

Akabwera kudzalanda ine sindinkadziwa, lamulo silinditeteza?

Ngati chikole chinalembetsedwa, zoti sindinkadziwa sizikuthandizani kwenikweni, adzati kaundula analipo bwanji simunayang'ane. Chimatsala ndi kumusumira wogulitsa kuti abweze ndalama, kapena kukanena ku polisi kuti anakudyerani mwachinyengo, koma munthu wogulitsa galimoto ya chikole kawirikawiri amakhala kuti ndalama anamaliza kale.

Ya nambala ya ku Malawi kapena ku Mozambique ndi yotchipa, vuto lili pati?

Ife tili pafupi ndi Mwami, a ku Katete ali ndi Chanida, ndiye zoterezi zimabwera tsiku ndi tsiku. Galimoto yolowa ndi chilolezo cha mlendo imayenera kubwerera kwawo, si yogulitsa muno. Kuti ikhale ya ku Zambia pafunika duty ya ZRA, bungwe la misonkho, clearance ya apolisi a Interpol yoonetsa kuti sinabedwe, kenako kulembetsa ku RTSA. Mukaphatikiza zonsezo kutchipa kuja kumasungunuka. Nkhongole imene ili nayo ku Lilongwe simungaione mu kaundula wa kuno, ndipo a ZRA akaipeza ilibe duty amaigwira, sasamala kuti munagula kwa ndani.

Mwini wake anamwalira, akugulitsa ndi mkazi wake kapena mwana. Zili bwino?

Wogulitsa akhale administrator wosankhidwa ndi khoti, pepala lake mulione ndi maso ndipo mutenge kopi. Ngati malemu sanasiye wilo, lamulo la 1989 limagawa chuma, ana 50 peresenti, wamasiye 20, makolo 20, odalira malemuyo 10. Koma galimoto ya pakhomo, yosakhala ya bizinesi, lamulo lomwelo limaipereka kwa wamasiye ndi ana, ndiye imodziyo ikhoza kukhala ndi eni ambiri, ena ali ku mudzi sakudziwa nkomwe kuti ikugulitsidwa. Ine ndimakonda kuti achibale akuluakulu awiri atatu asainire ngati mboni.

Pa tsiku lolipira ndichite bwanji?

Lembani kalata yogulitsirana, maina onse ndi manambala a reji, nambala ya galimoto, chassis, injini, mtengo, ndi mawu akuti wogulitsa akutsimikiza kuti galimoto ilibe nkhongole kwa wina aliyense. Mboni mbali zonse, ndipo kukadinditsa kwa Commissioner for Oaths sikuwononga ndalama zambiri. Lipirani kudzera ku banki kuti pakhale umboni, osati kuwerengerana kashi mu galimoto kuseri kwa Saturday Market. Ku RTSA tengani white book yeniyeni, kalatayo, makopi a reji, TPIN, nambala yanu ya msonkho, chifukwa pali mbali ya ZRA, inshuwalansi, ndi galimoto yomwe chifukwa amafuna kuiona. Yambani mwadutsa pa ofesi yawo mufunse mndandanda ndi mitengo ya panopa musanapangane tsiku. Road tax ndi fitness zikakhala kuti zinatha kale, muchotse pa mtengo.

Ndipo mutsaleko ndi kandalama, olo K10,000, muuzeni poyera kuti adzailandira tsiku limene buku latuluka pa dzina lanu. Mukamupatsa yonse, foni yake imayamba kulira osayankhidwa, ndiye pakafunika siginecha ina mudzamva kuti anasamukira ku Petauke.