Ndalama ya golosale imathera pati kuno ku Harare?

Mabanja ambiri a kwathu okhala ku Mbare, Mufakose, Tafara ndi Epworth amadya modzichepetsa kale: nsima, masamba, matemba, nyama mwa apo ndi apo. Komabe ndalama ya golosale imatha mwezi usanafike pakati. Ntchito yanga ndi yooda katundu m'sitolo yopikulitsa, ndipo ndimaona njira imene katundu amayenda kuchoka kufakitale mpaka pa tebulo la wogulitsa pamsewu. Chimene chimadya ndalama zathu kwambiri ndi kugula pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku.

Taonani timapaketi ting'onoting'ono tija timene kuno timatitcha tsaona. Wogulitsa amagula shuga wa makilogalamu awiri, n'kumugawa m'timapulasitiki tomanga mfundo. Mafuta ophikira amawayeza ndi kachivindikiro ka botolo, sopo amamudula ndi mpeni. Sindikumunena, nayenso akusaka chakudya cha ana ake, ndipo amathandiza mayi amene ali ndi dola imodzi yokha m'manja. Koma dzanja lililonse limene katundu wadutsamo limaikapo phindu lake, ndipo wolipira zonsezo ndi amene wagula kochepa kwambiri. Zimandipweteka kuti wosauka ndiye amagula shuga modula kuposa wolemera.

Choyamba kuzolowera ndi kufunsa mtengo wa kilogalamu imodzi kapena lita imodzi. Tiyerekeze kuti botolo la mafuta la malita awiri likugulitsidwa $3.50, pomwe la 750 ml lili pa $1.80. Laling'onolo limaoneka lofikirika, koma lita yake ikutuluka $2.40, pomwe m'lalikulu lija lita ndi $1.75. Foni iliyonse ili ndi kakyuleta, musachite manyazi kuitulutsa pamaso pa shelefu. Werenganinso kulemera kolembedwa pa paketi, chifukwa opanga katundu akafuna kukweza mtengo mwakachetechete amachepetsa za m'kati, paketi n'kuisiya momwemo. Ndipo si nthawi zonse chachikulu chimatchipa; pa nthawi ya selo, timapaketi tiwiri tapakati tikhoza kuposa limodzi lalikulu. M'sitolo muziweramanso. Katundu woikidwa polunjika maso nthawi zambiri ndi amene ali ndi phindu lalikulu kwa mwini sitolo, wotchipa amakhala m'munsi.

Kuno kulinso vuto lathulathu la ndalama ziwiri. ZiG, ndalama ya dziko la Zimbabwe yoyendera limodzi ndi dola ya ku America, idabwera mu April 2024, ndipo mu September chaka chomwecho banki yaikulu idaigwetsa mphamvu ndi maperesenti oposa 40. Kwa nthawi yaitali masitolo akuluakulu ngati OK ndi TM Pick n Pay ankayenera kutsatira mtengo wa boma wosinthira ndalama, pomwe timashopu ta m'munsi mwa tauni tinkangolandira madola a ku America. N'chifukwa chake anthu adazolowera kukagula kumeneko. Kumatchipa ndithu pa zinthu zina, koma tsegulani maso: yang'anani tsiku lotha mphamvu, chivindikiro ngati sichinatsegulidwepo, ndiponso zolemba ngati sizinafufutidwe. Mkaka wa mwana ndi chakudya cha m'zitini, ine ndimalangiza kuti muzigula kumene akupatsani lisiti.

Chenje nachonso chimaba. Pepala laling'ono la dola ya ku America ndi $1, makobidi ake sapezeka, choncho mumauzidwa kuti mutenge masiwiti kapena bisiketi. Munthu wopita kugolosale kasanu pa sabata amataya kangachepe kasanu. Lembani mndandanda muli kunyumba, ndipo chenje chikatsala tengani mchere kapena machesi, zinthu zimene mukanagulabe. Kulipira pa foni kudzera pa EcoCash kapena pa khadi kumachotsa vuto la chenje, koma kuli ndi zodula zake, kuphatikizapo msonkho wa boma umene udaikidwa pa 2 peresenti mu October 2018.

Mwina mukuti, ndalama yogulira zambiri nthawi imodzi ndiipeza kuti? Funsoli ndi loona, ndipo yankho lake tili nalo kale m'mipingo ndi m'magulu athu a maliro. Mabanja anayi kapena asanu akasonkha, amatha kupikula katoni ya mafuta, bele la shuga ndi bokosi la sopo ku masitolo ngati Gain Cash & Carry kapena N Richards, n'kugawana. Amapita munthu mmodzi kapena awiri, ndalama ya kombi n'kuchepanso. Chofunika ndi kope lolembamo amene wapereka ndi lisiti yoonetsa onse, chifukwa magulu otere amatha chifukwa cha kukayikirana. Chipereganyo chimathandizanso: mwezi wanu ukafika, ndalamayo ipite ku zinthu zouma zosawola, kenako mwezi ndi mwezi muzingoonjezera zimene zachepa.

Pa ufa ndiye pali nkhani. Mgaiwa wa m'sitolo umatchipa kuposa ufa woyera, komanso umasunga zambiri za m'chimanga zothandiza thupi. Amene ali ndi pouika, agule chimanga cha m'ndowa nthawi yokolola itangodutsa, cha m'ma May mpaka July, azipita nacho kuchigayo pang'onopang'ono. Ndowa zitatu za malita 20 zimayandikira thumba la makilogalamu 50. Pofika January ndi February mtengo umakhala utakwera, makamaka chaka cha chilala ngati 2024. Musanagule, lumani njere imodzi: ikhale youma yolira gwa, yopanda fungo la nkhungu. Thirani mankhwala oteteza anankafumbwe motsatira zolembedwa pa paketi, ndipo thumba likhale pa matabwa, lisagunde simenti.

Zamasamba lamulo lake ndi lina. Ku msika waukulu wa Mbare Musika alimi a ku Mutoko, Murehwa ndi Domboshava amafika usiku kapena mbandakucha, ndipo amene wafika kusanache amagula kwa mlimi weniweni, katundu asanadutse m'manja ambiri. Bokosi la tomato kumeneko limatchipa kwambiri kuyerekeza ndi timilu ta pamsewu. Koma bokosi lathunthu pa banja limodzi, m'nyengo yotentha ya October, theka lidzathera kudzala. Gawanani ndi anzanu, ndipo uzani wogulitsa akhuthule pang'ono muone za pansi, poti zokongola amaziika pamwamba. Sankhani wosakaniza, wakupsa wa lero ndi wosapsetsa wa kumapeto kwa sabata. Anyezi ndi mbatatesi zimapirira, mukhoza kutenga thumba. Muwerengerenso ndalama ya kombi popita ndi pobwera, ndi ya wokankha ngolo. Ulendo wa ku Mbare kukagula mulu umodzi wa repu ndi kuluza.

Magetsi nawo muwaike m'masamu anu. Kudzaza firiji ndi nyama ya pa selo m'nyengo imene magetsi akuzima maola ambiri ndi kuika ndalama pachiswe. Ndiwo zosafuna firiji zilipo: matemba a ku Kariba, nyemba, khobwe, soya, chiponde. Nyemba ziviikeni m'madzi usiku wonse, zidzapsa msanga ndipo gasi kapena makala sizidzatha ambiri. Masamba akachuluka m'dzinja, nkhwani ndi chitambe zimatchipa mpaka ogulitsa kuonjezera basela. Imeneyo ndiyo nthawi yofutsa: aviikeni m'madzi owira kwa mphindi zochepa, ayanikeni pa mphasa yoyera mpaka aume kuti gwaa, kenako asungeni m'chidebe chotseka bwino, poti mfutso ukangomva chinyezi umachita nkhungu.