Ndalama za sikauti zakwera: mafunso a makolo a mu Blantyre ndi mayankho ake

Chaka chikamayamba, mwana amabwera ndi kapepala kuchokera kwa mtsogoleri wa gulu lake, kapena uthenga umagwa pa WhatsApp ya makolo: ndalama ya umembala yakwera, ya kampu nayonso, ndipo amene sikafu yake inatha agule ina. Kholo la ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni limayamba kuwerengera ufa, lendi ndi magetsi, kenako n'kuganiza zongomuuza mwana kuti asiye. Musanafike pamenepo, onani kaye mmene ndalamazi zimayendera.

Kodi "ndalama ya sikauti" imene akutiuzayi ndi ndalama imodzi?

Ayi, ndipo chisokonezo chambiri chimayambira pamenepa. M'chiwerengero chimodzi chomwe mwauzidwa mumakhala mitolo ingapo. Pali ya kalembera wa chaka, yomwe imachititsa kuti mwana awerengedwe ngati membala kubungwe la dziko lonse. Pali yothandizira gulu lenilenilo pomwe ana amakumana, ya zingwe, mankhwala a chithandizo choyamba, mapepala ndi tina totere. Pali ya yunifolomu, sikafu ndi mabaji. Ndiye pali ya kampu ndi maulendo, yomwe kawirikawiri ndiyo imakhala yaikulu kuposa zonse.

Mtsogoleri akangonena kuti "chaka chino ndi zakutizakuti," m'pempheni mwaulemu kuti aphwanye: iyi ikupita kuti, iyi ikutsala pagulu, iyi ndi ya chiyani. Si mwano kufunsa zimenezi. Mtsogoleri wabwino amakondwa, chifukwa naye amatopa ndi kumuganizira kuti akudya ndalama za ana.

Ndamva kuti ina imapita kunja. N'zoona?

Mbali ina, inde, koma osati mwachindunji kuchokera m'thumba mwanu. Masikauti a dziko lililonse ali ndi bungwe lawo, kuno ndi Scout Association of Malawi, ndipo mabungwe amenewa ndi mamembala a World Organization of the Scout Movement, yomwe ofesi yake yaikulu ili ku Kuala Lumpur ndipo ya mu Africa ili ku Nairobi. Bungwe la dziko limapereka ndalama chaka ndi chaka kumeneko. Kawerengedwe kake kamatengera kuchuluka kwa mamembala komanso chuma cha dzikolo, kotero dziko losauka silipereka mofanana ndi Japan kapena Britain pa mwana aliyense. Atsikana a Girl Guides ali ndi dongosolo lawo pansi pa bungwe lina la padziko lonse, WAGGGS, koma kayendedwe kake n'kofananako.

Choncho wina akakuuzani kuti ndalama zakwera chifukwa "akunja akufuna zambiri," musamangovomera. Gawo limenelo ndi laling'ono poyerekeza ndi thiransipoti ndi chakudya cha kampu imodzi yokha.

Nanga chomwe chakweza zinthu kuno n'chiyani?

Kwacha. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Tenti ya madola 100 yomwe inali K118,000 inasanduka ya K170,000 usiku umodzi, tenti yomweyo, nsalu yomweyo. Ndipo aliyense wochita malonda ku Limbe adzakuuzani kuti madola sapezeka pa mtengo wa kubankiwo.

Tsono taonani zomwe sikauti imadalira: matenti, nsalu ya yunifolomu, ulusi wosokera mabaji, zingwe, matochi, mabandeji, mafuta a galimoto. Pafupifupi zonsezi zimachokera kunja kapena zimayenda pa dizilo. Telala wa mumsika wa Ndirande sanakweze mtengo chifukwa cha dyera. Nsalu anaigula modula. Mwini minibasi yomwe gulu lachita hayala kupita ku Zomba wawerengera mafuta komanso tsiku lomwe anagona pamzere ku filing'i siteshoni. Kampu ya masiku atatu imafuna ufa, nyemba, mafuta ophikira, shuga ndi makala kapena nkhuni za ana makumi angapo, ndipo mitengo ya zinthu zimenezi simufunika kuuzidwa ndi munthu.

Chinanso chomwe sichinenedwa kawirikawiri: magulu ambiri amakhala zaka osasintha ndalama poopa kukhumudwitsa makolo, mtsogoleri n'kumawonjezera za m'thumba mwake. Akatopa, kukwerako kumabwera kamodzin'kamodzi ndipo kumapweteka. Bola kukweza pang'ono chaka chilichonse, makolo atauzidwa miyezi isanakwane.

Pa intaneti akuti ku America ndalama za sikauti zakwera kowirikiza. Kodi ndi vuto lomweli?

Kukwerako n'koona, koma gwero lake ndi lina. Ku United States, ndalama ya chaka yomwe mwana amapereka kubungwe la masikauti a dzikolo, Boy Scouts of America, inali madola 24, ndipo chakumapeto kwa 2017 inafika pa 33. Mu Januwale 2020 inalumpha kufika pa 60. Kuchokera apo yakhala ikukwera pafupifupi chaka chilichonse: 66, 72, 75, 80, mpaka 85 mu 2024. Imeneyi ndi ya kulikulu yokha, osawerengera ya m'dera, ya gulu, yunifolomu ndi kampu.

Chifukwa chachikulu chomwe bungwelo linapereka pa kulumpha kwa 2020 chinali inshuwalansi. Boy Scouts of America inali itasumiridwa ndi anthu ambiri omwe anachitidwa nkhanza zogonana ali ana m'magulu ake. Mu Febuluwale 2020 bungwelo linapita kukhoti kukanena kuti silingathe kubweza ngongole zake, anthu oposa 82,000 anadzalembetsa madandaulo, ndipo mgwirizano wa chipukuta misozi unaposa madola 2.4 biliyoni. Nthawi yomweyo mpingo wa Mormon, womwe unkalowetsa anyamata ake ambirimbiri m'sikauti, unasiya kugwira ntchito ndi bungwelo kumapeto kwa 2019, kenako Covid-19 inatseka misonkhano. Mamembala akachepa pomwe ngongole zakula, otsalawo ndiwo amasenza. Mu 2025 bungwelo linasintha dzina kukhala Scouting America.

Nkhani imeneyi siyenera kukhala chodzikhululukira cha mtsogoleri wa ku Zingwangwa. Mwana wa kuno salipira milandu ya ku America. Koma muli phunziro lomwe likutikhudza, ndipo tilikamba pa funso la zinthu zosayenera kudula.

Kodi atsogoleri amalandira malipiro pa ndalamazi?

Sikauti padziko lonse imayendera anthu ongodzipereka. Mphunzitsi kapena wachinyamata wa kumpingo yemwe amakumana ndi ana anu Loweruka lililonse nthawi zambiri salandira kanthu. Chomwe chili chololeka ndi chakuti gulu limulipirire thiransipoti ndi chakudya akamaperekeza ana, kapena limuthandize kupita kumaphunziro a atsogoleri, bola zikhale zolembedwa.

Mwana wanga alibe yunifolomu yathunthu. Angamubweze?

Malamulo a kavalidwe amaikidwa ndi bungwe, ndipo pa miyambo ikuluikulu monga perete amafuna ana aoneke mofanana. Koma pa msonkhano wamba wa pasabata, gulu lomwe limabweza mwana chifukwa cha malaya lasokoneza cholinga. Robert Baden-Powell, yemwe anayambitsa sikauti, atayesa maganizo ake koyamba pa chilumba cha Brownsea ku England mu Ogasiti 1907, anasakaniza dala anyamata pafupifupi 20 a m'mabanja olemera ndi a m'mabanja ogwira ntchito wamba. Yunifolomu inabwera kuti ibise kusiyana kumeneko. Ikasanduka mpanda wotsekera mwana wa mayi wogulitsa mandasi, ndiye kuti yagwira ntchito yosemphana ndi yomwe anaipangira.

Zochita zilipo. Yambani ndi sikafu, yomwe ndi chizindikiro chachikulu, malaya adzabwere pambuyo. Makolo khumi akagula nsalu limodzi n'kupereka kwa telala mmodzi, mtengo umatsika. Kabudula kapena siketi ya mtundu woyenera imapezeka pa kaunjika. Ndipo gulu lililonse liyenera kukhala ndi chikwama cha mayunifolomu a ana omwe akula kapena amaliza sukulu. Malaya a sikauti satha msanga ngati mwini wake wangowakula.

Kodi kampu iyenera kuchitikira kutali?

Apa ndi pomwe ndalama zambiri zingapulumuke, ndipo ndi pomwe komiti ya makolo iyenera kulimba. Mulanje ndi phiri la Zomba ndi malo okongola, ndipo mwana aliyense ayenera kudzawaona tsiku lina. Koma kumanga tenti, kukoleza moto, kuphikira anzako, kuwerenga mapu ndi kumanga bala, zonsezi zingaphunziridwe pabwalo la sukulu kapena la tchalitchi m'dera momwemo, ana n'kuyenda wapansi. Blantyre yazunguliridwa ndi mapiri: Michiru, Ndirande, Soche, Bangwe, Mpingwe. Ulendo wa tsiku limodzi ku Michiru, mutapempha chilolezo kwa oyang'anira malowo, umaphunzitsa zambiri, ngakhale kuona ndi maso mmene mitengo yathera.

Chakudya nachonso sichifunika kukhala ndalama nthawi zonse. Banja lomwe silingapereke ndalama lingapereke ufa kapena nyemba, ndipo msungichuma alembe mtengo wake kuti pasakhale wonyozeka. Kungoti nyengo ya mvula musakhulupirire mtsogoleri wofuna kugoneka ana m'mphepete mwa phiri poti ndi potchipa. Aliyense wa ku Chilobwe akukumbukira zomwe matope ochokera m'phiri la Soche anachita mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy.

Ine ndimaona kuti kampu yaikulu imodzi pa chaka, yodziwika kuyambira Januwale, ndi yokwanira. Zina zonse zikhale zapafupi.

Ndalama yonse ndilibe. Nditani?

Pitani kwa mtsogoleri msanga, inu nokha, osati kutuma mwana kuti akanene. Ana ambiri amangosiya kupita osafotokoza chifukwa cha manyazi, mtsogoleri n'kumaganiza kuti atopa nazo. Pemphani kupereka pang'onopang'ono, ndipo yambani ndi ya kalembera chifukwa ndiyo imasunga dzina la mwana m'kaundula. Funsani ngati sukulu kapena mpingo womwe gululo lili pansi pake uli ndi thumba lothandizira. Ngati muli ndi ana awiri kapena atatu m'gulu limodzi, nenani. Komiti ingagwirizane zochepetsa gawo lomwe limatsala pagulu, ngakhale kuti la kalembera silisinthidwa ndi komiti.

Makolo ena amasonkha mwezi ndi mwezi ngati mmene amachitira kubanki m'khonde, kuti kampu ikamafika ndalama ikhale ilipo kale. Ana okulirapo nawonso angapeze zina ngati gulu: kufesa mbande za mitengo n'kugulitsa, kutsuka magalimoto patchalitchi, kulima dimba la masamba pasukulu. Pa malamulo a sikauti pali lonena kuti sikauti sawononga chuma, ndipo mwambo wake ndi wakuti ndalama azipeza pogwira ntchito, osati popempha. Koma ntchitoyo ikhale pamaso pa akuluakulu komanso kunja kwa nthawi ya sukulu. Kutumiza ana ovala yunifolomu kuti azikaimitsa magalimoto pa Ginnery Corner ndi mbale m'manja si sikauti.

Ndingatsimikize bwanji kuti ndalama yanga yafika koyenera?

Lisiti. Mukapereka pamanja, mulandire pepala la dzina la mwana, tsiku, chiwerengero ndi chomwe mwalipirira. Mukatumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, sungani uthengawo ndipo funsani kuti nambalayo ndi ya ndani. Ndi bwino ikhale ya msungichuma wosankhidwa ndi makolo, osati ya mtsogoleri yemweyo amene akugula zinthu. Kamodzi pa chaka komiti iwerenge poyera zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka. Ngati mwalipira kalembera, funsani umboni woti dzina la mwana latumizidwa kwa oyang'anira masikauti a m'boma lanu kapena kulikulu, chifukwa vuto limadzaonekera mochedwa, mwana akukanidwa pa msonkhano waukulu poti sakupezeka m'kaundula.

Pofuna kutsitsa mtengo, ndi ziti zomwe siziyenera kudulidwa?

Chitetezo cha ana. Mu 2017 msonkhano wa masikauti a padziko lonse womwe unachitikira ku Baku unavomereza ndondomeko yotchedwa Safe from Harm, yomwe imafuna kuti bungwe la dziko lililonse liteteze ana ku nkhanza ndi ngozi. Pagulu la m'dera izi zikutanthauza zinthu zooneka ndi maso: wamkulu asakhale yekha ndi mwana pobisika, pakampu pakhale akuluakulu oposa mmodzi, atsikana akhale ndi mtsogoleri wamkazi komanso pogona pawo, bokosi la chithandizo choyamba likhale ndi zinthu, madzi akumwa akhale otetezedwa, ndipo galimoto isadzazidwe kuposa muyezo.

Zonsezi zimadya ndalama. Mayi woperekeza atsikana ayenera kudya ndi kukwera galimoto. Minibasi ziwiri n'zodula kuposa lole imodzi yopakira ana kumbuyo ngati matumba a chimanga. Gulu likabwera ndi mtengo wotsika modabwitsa, funsani kuti achotsa chiyani. Zomwe zinagwetsa bungwe la ku America zinayamba ndi akuluakulu omwe sanafune kufunsa mafunso otere.

Nanga za jambori zomwe mwana akulira nazo?

Jambori ya padziko lonse, yomwe ndi kampu yaikulu ya masikauti ochokera m'mayiko osiyanasiyana, imachitika zaka zinayi zilizonse: ya 2023 inali ku South Korea, ya 2027 idzakhala ku Poland. Imalipiridwa padera, ilibe chochita ndi ndalama ya umembala, ndipo palibe mwana wokakamizidwa kupita. Gulu lisagwiritse ntchito thumba la ana onse potumiza awiri kapena atatu kunja popanda makolo onse kuvomera. Kwa otsala, mwezi wa Okutobala chaka chilichonse kumakhala JOTA-JOTI, pomwe masikauti a mayiko osiyanasiyana amacheza pa wayilesi ndi pa intaneti. Gulu lonse lingatenge nawo mbali ndi kompyuta imodzi yobwereka kusukulu komanso bandulo yogula posonkherana.