Penti ya bulawuni wodera sibisa litsiro

Anthu ambiri akamasankha penti ya bulawuni wodera, uja wonga khofi, chifukwa chake chimakhala chimodzimodzi: ati imabisa litsiro. Ayi ndithu. Fumbi la mu Okutobala ndi lotuwa, ndipo pakhoma lodera limaonekera patali kuposa pakhoma la kirimu. Mwana akangotsamira ndi manja a mafuta, pamatsala chidindo chonyezimira, ndipo mukapukuta mwamphamvu ndi nsalu malowo amawala mosiyana ndi khoma lonse.

Mtunduwu ndi wokongola pabalaza, koma umadya kuwala. Khoma loyera limabweza pafupifupi magawo 80 pa 100 a kuwala, pomwe bulawuni wodera amabweza 10 kapena kucheperapo. Chipinda cha zenera limodzi laling'ono mukachipaka makoma onse anayi, mudzayatsa magetsi masana, ndipo akazima kandulo imodzi sidzakwanira. Pakani khoma limodzi, kapena m'munsi mokha kufika mita imodzi, siling'i ikhale yoyera. Mababu akhale a kuwala kofunda, olembedwa 2700K kapena 3000K. Aja oyera mbuu a 6500K amachititsa bulawuni kuoneka ngati matope.

Chomvetsa chisoni kwambiri ndi nyumba yatsopano. Pulasitala wauma sabata imodzi yokha, mwininyumba akufuna kulowa mwezi usanathe kuti asalipirenso lendi, wopenta naye akufuna ndalama yake. Apaka. Pakatha miyezi iwiri khoma layamba kutulutsa ufa woyera ngati mchere, penti yatupa matuza, kwina ikusupuka ngati khungu la njoka. Umenewo ndi mchere wa mu simenti ndi njerwa umene chinyezi chikuutulutsa kunja. Pa penti yoyera sukanaoneka kwambiri, koma pa bulawuni ukuoneka ngakhale mutaima pakhomo. Kupakanso pamwamba n'kutaya ndalama. Pulasitala wa simenti amafuna masiku osachepera 28, nthawi ya dzinja kupitirira apo. Kuti mudziwe, matani pepala la pulasitiki pakhoma ndi tepi mbali zonse, musiye tsiku limodzi. Mukapeza thukuta mkati mwake, khomalo silinaume. Ngati chinyezi chikuchokera pansi chifukwa omanga sanaike DPC, chotchinga chinyezi chimene chimayalidwa pamwamba pa maziko, konzani zimenezo kaye, penti siingatseke madzi.

Khoma likauma, tsekani ming'alu, kwechani ndi sandipepa, sesani fumbi, kenako pakani pulaimala ya pulasitala, penti yoyambirira yothandiza kuti inzake igwire. Ngati munali laimu, mupaleni yense, chifukwa penti sigwira pa laimu. Andakoti, penti yoyalira pansi pa bulawuniyo, ikhale yotuwa, osati yoyera, apo ayi kuyerako kudzasuzumira pansi ngakhale mutapaka katatu. Lita imodzi imakuta pafupifupi masikweya mita 8 ulendo umodzi, choncho khoma la mamita 4 m'litali ndi 2.7 m'mwamba, lopakidwa katatu, limadya malita anayi. Gulani chitini cha malita 5. Ngati zitini ndi zingapo, zikhuthulireni mu ndowa imodzi n'kutakasa musanayambe, popeza mitundu yodera imasiyana pang'ono chitini ndi chitini. Rola isaime pakati pa khoma, malizani kuchokera pakona kufika pakona penti idakali yaiwisi, ndipo dikirani maola anayi musanabwereze.

Chenjerani ndi openta ongodzitcha. Wina amagula penti ya madzi yoyera yotchipa (PVA) n'kuthiramo okusaidi, ufa uja wopatsa mtundu simenti ya pansi, kuti ikhale bulawuni, ndipo khoma limatuluka mizeremizere, lothimbirira zovala. Wina amathira madzi theka kuti atsale ndi penti yokagulitsa. Madzi asapitirire lita imodzi pa malita 10, ndiponso pa ulendo woyamba wokha. Chitini chitsegulidwe inu mukuona, ndipo ayambe wapaka kachigawo ka mita imodzi kuti mukaone m'mawa, masana ndi usiku musanamulole kupitiriza.