Pamene a Inuit anasumira dziko la United States chifukwa cha madzi oundana

Kwa mlenje wa mtundu wa Inuit, nyanja ikaundana ndiye kuti msewu watseguka. Amayenda pamwamba pake mtunda wautali kukasaka nyama za m'nyanja, ndipo asanaponde amayamba wagogoda pansi ndi mkondo kuti amve ngati palimba. Nzeru imeneyi amaphunzira kwa bambo ake. Koma pofika zaka za m'ma 1990, akuluakulu anayamba kudandaula kuti nyanja ikuchedwa kuundana ndipo ikusungunuka msanga, moti alenje odziwa bwino ntchito yawo ankamira pamalo amene makolo awo ankadutsa opanda mantha.

A Inuit amakhala ku Alaska, kumpoto kwa Canada, ku Greenland ndi ku Chukotka m'dziko la Russia. Malire a mayiko anawagawa, koma mu 1977 anakumana ku Barrow, ku Alaska, n'kukhazikitsa bungwe lawo la Inuit Circumpolar Conference kuti azilankhula ndi mawu amodzi.

Nkhondo yawo yoyamba yaikulu inali ya mankhwala. Kunapezeka kuti mkaka wa m'mawere wa amayi achi Inuit uli ndi poizoni wa mankhwala monga DDT, yemwe uja wophera udzudzu. Mphepo ndi madzi zinkamutenga kumayiko akutali n'kukamusiya m'mafuta a nyama zimene iwo amadya. Tangoganizani, mayi kuopa kuyamwitsa mwana wake chifukwa cha mankhwala amene sanawagwiritsepo ntchito! Mawu awo anathandiza kuti pangano la ku Stockholm la mu 2001, limene mayiko anagwirizana zoletsa kapena kuchepetsa mankhwala oterewa, litheke.

Amene ankawalankhulira pa nkhaniyi anali Sheila Watt-Cloutier, wobadwira ku Kuujjuaq, kumpoto kwa Canada, mu 1953, amene ali mwana ankayenda pa ngolo yokokedwa ndi agalu. Pa 7 Disembala 2005, mayiyu pamodzi ndi alenje ndi akuluakulu 62 anakatula dandaulo ku Inter-American Commission on Human Rights, bungwe loona za ufulu wa anthu m'mayiko a ku America. Ankaloza chala dziko la United States, limene panthawiyo linkatulutsa mpweya wotenthetsa dziko kuposa lina lililonse komanso linali litakana pangano la ku Kyoto lochepetsa mpweyawo. Mfundo yawo inali yakuti kusungunuka kwa madziwo kukuwalanda chakudya, chikhalidwe ndi moyo, choncho ndi mlandu wophwanya ufulu wa anthu.

Bungwelo linakana kuzenga mlanduwo mu 2006, ndipo kwa ine linalakwitsa, chifukwa umboni wa anthu oponda madziwo tsiku ndi tsiku unali pamaso pawo. Komabe mu Malichi 2007 linaitana mayiyu kuti akafotokoze. Chaka chotsatira, nthambi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inavomereza kuti kusintha kwa nyengo kumakhudza ufuluwo, ndipo pangano la mayiko la za nyengo la ku Paris la mu 2015 linatchula ufulu wa anthu amene ndi eni nthaka.

Ku Shishmaref, mudzi wa a Inuit wa pachilumba ku Alaska, madzi oundana ankatchinga mafunde. Tsopano mafundewo akudya gombe, nyumba zina zinagwera m'nyanja, ndipo mu 2016 anthu anavotanso kuti mudzi wonse usamuke.